Udzu Umene Unakana Kufa

Dzuwa linali litatsamira kuseri kwa mitengo ya mango pamene a Zelifa anaphula mphika wa nyemba za kalongonda n'kukataya madzi ake kuseri kwa nyumba. Madziwo anali akuda bii, ndipo aka kanali kachitatu kuwataya tsiku limenelo. Kalongonda safuna munthu waphuma. Ukamuphika mothamanga amakuzunguza mutu mpaka kuiwala dzina la mayi ako, koma ukamupirira, kusintha madzi ndi kusonkhezera moto tsiku lonse, amasanduka chakudya chogona m'mimba. A Zelifa kupirira ankakudziwa. Amuna awo anapita ndi madzi a Napolo mu 1991, mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira ali wakhanda, ndipo ankakhala okha m'kanyumba ka udzu kumapeto kwa mudzi wa Nakhonyo, ku Jenala, n'kumalima munda umene mayi awo anawasiyira.

Akubwerera ndi mphikawo anamva kaphokoso kuchokera kumunda: kwii, kwii, kwii, ngati mbewa yogwidwa pamsampha. Kenaka kamphepo kanabweretsa fungo lija lonyansa ngati masanzi, limene mudzi wonse unali utalizolowera. Inali sipuleya ya Sitima, chigubu chobereka kumsana chopoperera mankhwala opha udzu.

Sitimayu anali mkamwini. Anakwatira Fanny, mwana wa mng'ono wawo wa a Zelifa, amene a Zelifawo anamulera okha mayi ake atamwalira. Kale Sitima ankagwira ntchito ku esiteti ina ya tiyi ku Mulanje, ndipo atamuchotsa mu 1999 anafika ku Nakhonyo ndi majombo, sipuleya, ndi pakamwa posatopa. Mvula yoyamba itameretsa udzu, iye anapopera munda wa mkazi wake, ndipo pofika mawa lake udzu wonse unali utapserera ngati wadutsa moto. Anadzala chimanga m'mizere yakale osagwira khasu. Anthu anabwera kudzaona, ena ochokera kutsidya kwa mtsinje, ndipo mkamwini amene dzulo lake ankatumidwa kumata nkhokwe anayamba kupatsidwa mpando.

Chaka chotsatira aliyense anafuna kuti amupoperere. Minda inali yambiri, botolo linali limodzi. Pepala la pabotolo linkati azithira zitsekero zisanu m'sipuleya yodzaza madzi, koma Sitima ankathira zitatu, ndipo minda itachulukanso anatsika kufika pa ziwiri. Mumtima ankati udzu sudziwa kuwerenga. Chaka ndi chaka mankhwala anali omwewo abuluu, m'minda yomweyo, ndipo chinsinsi cha zitsekerocho sanauze ngakhale mkazi wake.

Pali udzu wina umene anthu amautcha chinsangwi, wa mizu yokakamira pansi, woti pouzula munthu amachita kuluma mano. M'chaka chachitatu, pakati pa munda wa Fanny wopserera, panatsala tizitsa tingapo ta chinsangwi tili tobiriwira. Palibe anadandaula nato. Tinakula, tinatulutsa ngala, tinathira njere zake zazing'ono ngati mchenga, ndipo Sitima anapondapo ndi majombo ake amatope n'kupita kukapopera munda wina. Chaka chachinayi tizitsa tija tinasanduka zigamba. Pofika chaka cha 2005 chinsangwi chinkangofiirira nsonga masiku awiri, kenaka n'kudzukanso, chimanga n'kutsala m'munsi mwake chili chachikasu ngati mwana wodwala. Anthu amene anaika abale awo m'manda pa njala ya 2002 ankayang'ana minda imeneyo mitima ili m'mwamba.

Munda umodzi wokha ndiwo unali woyera, wa a Zelifa. Iwo anakana sipuleya kuyambira tsiku loyamba. Ankalima ndi khasu, ankasakaniza chimanga ndi nandolo, ndipo chigawo china chaka chilichonse ankachisiyira kalongonda kuti ayange n'kuphimba nthaka. Chinsangwi akachiona ankachizula chisanatulutse ngala, n'kukachiunjika pachulu mizu ili m'mwamba kuti chiume. Zaka zonsezo anthu ankawaseka kuti ndi otsalira. Chaka chimenechi kuseka kunatha, anthu anayamba kunong'ona.

Madzulo amenewo, atamva kaphokoso kaja, a Zelifa anatsikira kumunda n'kupeza kuti wopoperayo sanali Sitima ayi. Anali Jonasi, mkamwini mnzake wa Sitima, amene munda wa mkazi wake unachita malire ndi wawo. Sipuleya anachita kubwereka. Mphepo inkakankhira nkhungu ya mankhwala pa nandolo wa a Zelifa.

"A Jonasi, mphepo simukuiona? Mundiwotchera nandolo."

"Nandolo wanuyo muuzeni asunthe, amayi," anatero Jonasi akuseka.

Nthawi yomweyo kaphokoso kaja kanasiya. Kabowo kotulukira mankhwala kanali katatsekeka. Jonasi anamasula kamutu kake, nakaika pakamwa, nauzira. Sikanatseguke. Ndiye anagwira paipi n'kuyamwa mwamphamvu, monga ankamuonera Sitima akuchita, ndipo madzi abuluu anamudzaza m'kamwa. Analavula, anatsokomola, ena anameza, kenaka anapukuta milomo ndi mkono wa malaya.

"Zimenezi zikudyani, inu," anatero a Zelifa atagwira kukamwa. "Mudzaona."

Amayi awiri amene ankachokera kumjigo anamva mawu amenewo, koma zoyamwa paipi sanazione. Chimene anaona n'chakuti patapita kanthawi a Zelifa, poti mtima wawo sunkasunga mkwiyo, anamuitana Jonasi pakhonde n'kumupatsa kalongonda m'kambale kuti achotse kuwawa m'kamwa. Jonasi anadya, anathokoza, napita.

Udzu umene Jonasi anapopera sunafe. Patapita masiku atatu unali wobiriwira kuposa kale, ndipo anthu odutsa m'njira ya pakati pa minda ankati ukumveka kulira, sii, sii, ngakhale popanda mphepo. Wina anati anazula chitsa chimodzi, mizu yake n'kutuluka tamadzi tofiira. Wina anati anaona mapazi a munthu wopanda nsapato atazungulira munda wake koma osaoneka kumene alowera. Ana anawaletsa kudutsa pachulu cha a Zelifa, chifukwa milu ya udzu wa mizu m'mwamba ija, imene inakhala pamenepo zaka ndi zaka, tsopano inayamba kuoneka ngati ili ndi tanthauzo.

Jonasi anadwala. Poyamba zinali zilonda m'kamwa, lilime kusupuka, malovu osamezeka. Kenaka maso anachita chikasu. Anamutengera kuchipatala pa njinga, koma atamufunsa chimene anadya, anachita manyazi kutchula za paipi, anangoti kalongonda. Anabwerako akuoneka ngati wachira, anthu n'kupuma. Sabata yachiwiri mpweya unayamba kumuthawa. Ankakhala tsonga atatsamira khoma, kukamwa kuli yasa, ndipo kupuma kwake kunkamveka mpaka panja: hii, hii, ngati munthu amene wina wamukhalira pachifuwa. Amayi oyandikana nawo ankatseka makutu a ana awo. M'nyumbamo munkanunkha fungo lachilendo limene mkazi wake analephera kulichotsa ngakhale anafukiza masamba a bulugamu.

"Akum'kama pakhosi ndani munthuyu?" ankanong'onezana anthu panja.

"Musafunse mokweza."

"Anamuuza kuti adzaona. Ife tinamva ndi makutu athuwa."

M'masiku omwewo kunabwera a Kaliati, mlangizi wa zaulimi, pa njinga yawo yakapalasa. Anali bambo wofatsa, woyankhula ngati akuwerenga kalata. Anamupeza Sitima yekha m'munda wa mkazi wake atayima pakati pa chinsangwi chofika m'mawondo. A Kaliati anazula chitsa, anachiyang'ana, anapempha kuona botolo.

"Mwakhala mukupopera omwewa zaka zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri tsopano."

"Zitsekero zingati pa sipuleya?"

Sitima anayang'ana kuphiri. "Nthawi zina zitatu. Nthawi zina ziwiri."

A Kaliati anapukusa mutu. "A Sitima, akazi anu akamasankha chimanga cha mbewu amatenga chotani?"

"Chachikulu, cholimba."

"Inunso ndi zimene mwakhala mukuchita, koma ndi udzu. Mwa zitsa chikwi mumapezeka chimodzi kapena ziwiri zobadwa zolimba. Mankhwala ofooka amapha zofooka n'kusiya zolimbazo, ndipo zimatsala zokha m'munda, popanda wolimbana nazo. Chitsa chimodzi chimathira njere zosawerengeka, ana ake n'kutengera kulimba kwa kholo. Chaka chamawa mwapoperanso omwewo, mwasankhanso. Lero ngakhale mutathira zitsekero khumi, uwu sungafe. Ndipo njere zake zimayenda ndi matope. Minda imene mwalowamo ndi majombo amenewa ndi ingati?"

Sitima anayang'ana majombo ake. Minda yake ankaidziwa yonse, umodzi umodzi.

"Uzani anthu abwerere kukhasu, azule usanabereke, asinthe mbewu zaka zingapo," anapitiriza a Kaliati. "Ndamvanso kuti kuno kuli munthu wodwala chifuwa amene anagwira sipuleya. Mankhwala awa akalowa m'mimba amapita kukawononga mapapo. Ngati anameza, kauzeni achipatala lero lomwe. Ine ndikupita kumaphunziro, ndidzabwera mwezi wamawa tidzachite msonkhano."

Njinga itazimiririka, Sitima anakhala pansi pamzere, thukuta lili kamukamu. Mkamwini alibe munda, alibe bwalo, ngakhale mtengo wa mango umene wadzala yekha si wake. Amakhala pamudzi chifukwa eni ake akumuonabe phindu. Sitima anaona m'maganizo mwake amalume a Fanny atakhala pamphasa, anaona eni minda makumi awiri akumuloza chala, anaona mkeka wake ndi majombo zili pabwalo. Mantha anamugwira, ndipo mantha a munthu wonyada ndi oopsa kuposa njoka. Anabwerera kunyumba, anasamba, anadya, osanena kanthu kwa aliyense.

Jonasi anamwalira Lachinayi m'mawa, tsiku la khumi ndi chisanu ndi chimodzi chiyamwireni paipi ija.

Pa maliro anthu anali ambiri koma nyimbo sizinkakwera. A Zelifa anabwera ndi kalichero ka ufa monga mwa mwambo, ndipo amayi amene anali pamphasa anasuntha mmodzi mmodzi mpaka iwo anatsala okha ngati chitsa. Amuna ali kumanda kudikira kuti adzukulu amalize, mchimwene wake wa malemu anatembenukira kwa Sitima.

"Inu a Sitima, mankhwala mumawadziwa ndinu. Tiuzeni. Kodi mankhwala anuwa atha mphamvu, kapena pali dzanja la munthu?"

Apa ndi pamene Sitima akanatha kupulumutsa munthu ndi mawu ochepa chabe.

"Mankhwala ndi omwe aja," anatero pang'onopang'ono. "Ku esiteti ndapopera zaka khumi, sindinaonepo udzu wokana kufa. Ine ndine mlendo pano, sindingatchule munthu. Koma dzifunseni nokha kuti munda woyera m'mudzi muno ndi wa yani."

Sanatchule dzina, n'zoona. Ndipo mpaka lero, mukanamufunsa, akanakuuzani kuti iye sanatchule dzina.

Fanny anamva za mawuwo kwa amayi ophika. Anasiya mphika pamoto n'kuthamangira kwa a Zelifa, amene anali atabwerera kale kunyumba kwawo ndipo ankanola khasu lawo pamwala.

"Amayi, thawani. Pitani kwa achimwene anu ku Migowi. Akubwera."

"Ndithawe chiyani, mwana wanga? Ndalakwa chiyani?"

"Akuti udzu uja mukudzala ndinu. Akuti a Jonasi munawadyetsa."

A Zelifa anamuyang'ana. "Nanga iwe ukuti chiyani?"

Fanny anatsegula pakamwa, koma mawu anachedwa kutuluka. Masabata onsewo anali akumva manong'onong'o kumjigo, kutchalitchi, ndi pamphasa pake pomwe, ndipo kamtima kena kanali katayamba kufunsa kuti bwanji munda umodzi wokha. Kuchedwa kumeneko kunali kwa kamphindi chabe, koma a Zelifa anakuona.

"Chabwino," anatero. Anatenga khasu lawo ndi nsalu imodzi.

Anthu anafika dzuwa likadali pamutu, akuchokera kumanda, dothi la kumanda likadali kumapazi. Panalibe wotsogolera weniweni. Wina anaponya mwala padenga, wina anagubuduza mphika wa kalongonda, madzi akuda aja n'kuyenderera pabwalo, ndipo amayi anakuwa kuti taonani mankhwala ake. Kenaka udzu wa padenga unayaka. A Zelifa anali atatulukira kuseri, akutsika cha kudambo, ndipo miyala inawatsatira. Umodzi unawapeza pamwamba pa khutu. Anagwa, anadzuka, analowa m'bango akudzandira, khasu lili m'manja. Kumwamba kunali kutada kale mbali ya kuphiri, ndipo mvula imene inagwa madzulo amenewo inadzaza dambo mpaka m'khosi. Sitima anaonera zonsezi ataima patali pansi pa mtengo, manja ali m'thumba.

Anawapeza tsiku lachitatu, atakodwa m'bango, makilomita awiri kumunsi. Khasu silinapezeke. Anawaika mofulumira kumapeto kwa manda, popanda kwaya, ndipo amene analira mokweza anali Fanny yekha. Apolisi atabwera kudzafunsa, mudzi wonse unati gogoyo anaterereka yekha powoloka.

Anthu anadikira kuti udzu ufe, poti mwini wake anali atapita. Sitima anapoperanso minda itatu, ulendo uno ndi zitsekero zisanu zokwana. Chinsangwi chinafiirira nsonga, chinagona masiku awiri, chinadzuka.

Ndiye kunayamba kumveka khasu. Woyamba kulimva anali mkazi wa malemu Jonasi, m'mamawa kukuyera, nkhungu ikadali m'minda: kho, kho, kho, kulima kosathamanga, kwa munthu wamkulu wodziwa ntchito yake. Anasuzumira, sanaone munthu. Ena analimvanso masiku otsatira, nthawi zonse cha kumunda wa a Zelifa, kumene kalongonda wongodzimerera anali atayanga mpaka pachulu. Palibe analimba mtima kupitako.

Tsiku lina Sitima potsegula chitseko m'mawa anapunthwa pa chinthu chonyowa. Unali mulu wa chinsangwi chozulidwa kumene, choikidwa bwinobwino, mizu ili m'mwamba, dothi likadali lofewa.

"Mayi a Aliness! Waika izi ndani?" anakuwa kuitana mkazi wake.

Fanny anatuluka, anayang'ana muluwo. "Amaunjika chonchi ndi munthu mmodzi yekha."

"Usanene zopusa. Ndi ana awa."

Anautaya kudzala. Mawa lake unalipo wina. Anawaza phulusa pakhomo ponse kuti aone mapazi a woikayo, ndipo kutacha phulusa linali losalala, mulu uli pakati pake. Sitima anasiya kudya. Anayamba kutsokomola, ndipo chifuwa chikamugwira ankakumbukira kupuma kwa Jonasi n'kuyamba kuwerenga kuti iye mwini anayamwa paipi ija kangati m'zaka zonsezi. Akamayenda m'njira ya m'minda, udzu unkamukhudza m'miyendo ngati ukumugwira, sii, sii, ndipo ankafika kunyumba akuthamanga, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

A Kaliati anabwera mu Januwale monga ananenera. Anakumana ndi Fanny panjira ya kuchigayo, atasenza thumba, ndipo anatsika panjinga.

"Pepani ndi maliro, mayi. Ndamva kuti wodwala uja anatisiya. Kodi achipatala anauzidwa za mankhwala aja?"

"Mankhwala ati, bambo?"

"Amuna anu sanakuuzeni? Ndinawafotokozera zonse m'munda mwanu momwe, wodwalayo akadali moyo."

Fanny anatula thumba pansi. A Kaliati anabwereza zonse: za zitsekero ziwiri, za kusankha mbewu, za matope a kumajombo, za mapapo. Ankayankhula modekha monga mwa chizolowezi chawo, osadziwa kuti mawu aliwonse akumubaya mayiyo pamtima. Pomaliza anati, "Pali munda wina kumapeto uko, wa kalongonda, ndinauona ulendo watha. Mwini wake ndikufuna adzayankhule pamsonkhano, anthu aphunzire kwa iye. Ndi ndani?"

Fanny anakhala pansi m'fumbi n'kuyamba kulira ngati maliro achitika tsiku lomwelo.

Kuchigayo sanapite. Anayenda mudzi wonse, munda ndi munda, akufunsa funso limodzi: kodi muno sipuleya inalowamo? Mmene inalowa, chinsangwi chinali m'chiuno. Kumapeto kwa mudzi kunali minda iwiri ya anthu osauka kwambiri amene sanakwanitse kumuitana Sitima, ndipo mmenemo munali udzu wamba, woti khasu limatha. Anthu amene ankawafunsawo anayamba kumutsatira mwakachetechete. Palibe anayang'ana mnzake kumaso, chifukwa aliyense ankakumbukira mwala umene anatola tsiku lija.

Atafika kunyumba, Fanny sanakuwe. Analowa, anatulutsa mkeka wa Sitima, malaya ake, wailesi, sipuleya, botolo labuluu, naziika pabwalo pamene pankapezeka milu ija. Pomaliza anatulutsa majombo, matope ouma ali kakaka kunsi kwake.

"Mayi a Aliness, tiye tikambirane m'nyumba."

"Munadziwa liti?"

"Ine sindinatchule dzina la munthu."

"Ndafunsa kuti munadziwa liti."

Sitima anayang'ana anthu amene anadzaza bwalo. "Jonasi asanamwalire," anatero motsitsa mawu.

"Anandilera ndi manja awo amayi aja," anatero Fanny. "Anandifunsa kuti iwe ukuti chiyani, ine n'kukhala chete chifukwa cha inu. Zimenezo ndidzafa nazo. Nyamulani. Mfiti tinkaifuna kumapeto kwa mudzi, pamene ine ndinkaiyalira mphasa."

Palibe anamugenda Sitima. Manja a mudzi umenewo anali atalemera kale. Anavala majombo ake, anabereka sipuleya, anamanga zotsalazo pa njinga, nalowera njira ya kwawo, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene mayi ake okalamba ankakhala okha n'kumalima kamunda ka chimanga kumtunda kwa madambo a mpunga. Kuyambira tsiku limenelo khasu lija silinamvekenso, ndipo mulu sunapezekenso pakhomo. Ena amati ankaunjika ndi Fanny, koma Fanny analumbira pa manda a mayi ake kuti sanali iye, ndipo za phulusa losalala lija palibe anazilongosola.

Ku Nakhonyo anabwerera kukhasu. Zinawatengera zaka, misana inawawa, ndipo mbewu ya kalongonda ankakaitola m'munda wa munthu amene anamupha. Chulu chija chinadzazanso ndi milu ya udzu wa mizu m'mwamba.

Patapita mvula zitatu, wogulitsa matemba wina wochokera ku Chilwa anaima pakhomo pa Fanny kupempha madzi akumwa. Pocheza anati kwawoko zinthu sizili bwino. Kwabuka udzu wachilendo wosamva mankhwala, unayambira m'minda imene munthu wina wobwerera kuchokera kuchikamwini ankapopera, ndipo tsopano wafalikira. Munthuyo chifuwa chamugoneka, satha n'kuyankhula komwe, amangoloza ndi dzanja anthu osamva chimene akunena.

"Koma wochita zimenezi tamudziwa," anatero wa matembayo akupukuta pakamwa. "Pali gogo wina amakhala yekha, amakana mankhwala, amangolima ndi khasu. Munda wake wokha ndiwo woyera. Mayi ake a wodwala yemweyo, tangoganizani, kulodza mwana wobala yekha. Mmene ndimanyamuka dzulo, anyamata anali akusonkhana."

Fanny anaponya chikho pansi, anakwera njinga ya mlongo wake osamanga n'komwe mpango kumutu, napalasa cha ku Chilwa. Ulendowo ndi wa maola anayi. Atatsala pang'ono kufika, anaona utsi.